Masetilaiti afuna magetsi oculuka, koma plasma ya m'mlengalenga iopseza mapanelo ao a sola

Usiku wa pa 10 May 2024, anthu okhala kum'mwela kwa dziko la South Africa ndi ena a ku Namibia anaona thambo litafiila ngati kuti kutali kukupsa thengo. Kuwala kotele nthawi zambili kumaoneka kumadela ozizila a kumapeto kwa dziko lapansi, koma tsiku limenelo kunafika kufupi cifukwa ca namondwe wocokela ku dzuwa, amene anali wamphamvu kupambana onse kucokela mu 2003. Patapita miyezi isanu, pa 15 October, mabungwe a ku America a NASA ndi NOAA analengeza kuti dzuwa lafika pacimake ca nyengo yake ya ukali, imene imabwela pafupifupi zaka 11 zilizonse.

Ambili anangoona kukongola kwa thambo. Koma kwa makampani oyendetsa masetilaiti, usiku wotele sagona tulo. Ngozi imene inamveka kwambili m'nyengo imeneyi ndi ya mu February 2022, pamene kampani ya SpaceX inataya masetilaiti 38 mwa 49 a Starlink amene inali itangowatumiza kumene. Namondwe wa dzuwa anafufumitsa mpweya wa kumwamba, mpweyawo unawakoka, ndipo anagwa ndi kupsa. Komabe pali vuto lina losachuka kwenikweni, limene lavutitsa akatswili kwa zaka zoposa 50. Vutolo ndi la magetsi, ndipo limagwila ciwalo cimene setilaiti singakhale ndi moyo popanda ico: mapanelo a sola.

Nkhaniyi si ya maiko olemela okha. Zambia inayamba kulankhulana ndi maiko akunja kudzela pa setilaiti pamene siteshoni ya Mwembeshi inatsegulidwa mu 1974. Mapulogalamu a wailesi ya kanema olandilidwa ndi dishi, zithunzi za mitambo zimene oona za nyengo amagwilitsila nchito polosela mvula, ndiponso intaneti ya Starlink imene inayamba kugulitsidwa m'dziko muno mu October 2023, zonsezi zimadalila makina amene ali kutali kwambili, ndipo makina onsewo amadya magetsi a dzuwa.

Kumwamba si kopanda kanthu

Panelo la sola limene lili pa denga la nyumba ku Chipata kapena ku Katete lazungulidwa ndi mpweya, ndipo mpweya sulola magetsi kudutsamo mosavuta. Nthambo ziwili zosendeka zingathe kukhala moyandikana popanda kucita shoti, malinga ngati sizikukhudzana. Kuonjezela apo, wa magetsi wodziwa nchito yake amakhomela citsulo m'nthaka ndi kulumikizako waya wa earth, kuti magetsi osocela apeze kopita.

Setilaiti ilibe zonse ziwili. Ilibe nthaka yokhomelamo citsulo, ndipo cimene caizungulila si mpweya wamba koma plasma. Pa mtunda wa makilomita mazana angapo kucokela pansi, kuwala kwa dzuwa kumaphwanya tinthu ta mpweya wocepa umene ulipo kumeneko. Maelekitiloni, amene ali ndi mphamvu ya negetivu, amapatuka ku maatomu ao, ndipo zotsalazo, zochedwa maayoni, zimakhala ndi mphamvu ya pozitivu. Msanganizo wa ziwilizi ndiwo plasma, ndipo mosiyana ndi mpweya wa pansi pano, plasma imanyamula magetsi. Pa mtunda wa makilomita 400, pamene pamayenda siteshoni ya International Space Station, yodziwika mwacidule kuti ISS, kamalo kocepa ngati nsonga ya cala kangakhale ndi maelekitiloni 100,000 mpaka 1 miliyoni. Omvela wailesi amaidziwa kale mbali imeneyi ya thambo ngakhale sanaionepo, cifukwa ndiyo imabweza mafunde a shortwave kuti mau ocokela ku maiko akutali amveke pa kawailesi ka m'mudzi.

Cimene cimabweletsa vuto ndi kusiyana kwa liwilo. ISS imathamanga makilomita pafupifupi 7.7 pa sekondi. Maayoni a okosijeni, amene ndiwo oculuka pa mtunda umenewo, ndi olemela ndipo amayenda pafupifupi kilomita imodzi cabe pa sekondi. Conco siteshoniyo imangogundana nao kutsogolo kokha, monga mmene wochova njinga m'mvula amanyowela kumaso ndi pacifuwa, msana uli wouma. Maelekitiloni ndi opepuka kwambili ndipo amathamanga makilomita oposa 100 pa sekondi, motelo amafika kucokela mbali zonse ngati njuci zolusa.

Popeza combo ca m'mlengalenga cilibe kotayila magetsi, negetivu imene cikulandila iyenela kufanana ndi pozitivu imene cikulandila. Kuti zimenezi zitheke, combo cimadzisintha cokha. Kambali kocepa ka panelo kamakhala pozitivu poyelekeza ndi plasma ndipo kamakoka maelekitiloni, pamene mbali yaikulu, imene ingafike magawo 9 mwa magawo 10, imatsikila ku negetivu kuti ikoke maayoni aulesi aja. Ndipo cifukwa cakuti opanga masetilaiti ambili amalumikiza nsonga ya negetivu ya panelo ku thupi la combo, thupi lonse limatsikila pamodzi nayo.

Cifukwa cake mavoliti akukwela

Kale zimenezi sizinali kudetsa nkhawa. Vanguard 1 ya mu 1958, setilaiti yoyamba kugwilitsila nchito dzuwa, inali ndi timaselo topanga pafupifupi wati imodzi. Kwa zaka zambili pambuyo pake masetilaiti anali kuyendela mavoliti 28, ndipo pa mlingo umenewo plasma siicita kanthu koopsa pa panelo.

Koma setilaiti yaikulu ya zamtokoma ya masiku ano imafuna makilowati 10, 15, ngakhale 20. Kunyamula magetsi oculuka conco pa mavoliti ocepa kumafuna nthambo zonenepa, ndipo magetsi ambili amatayika monga kutentha. Ndico cifukwa cake Zesco imanyamula magetsi a ku Kariba ndi ku Kafue Gorge pa nthambo za mavoliti 330,000. Kumwamba nkhaniyi ndi yaikulu koposa, cifukwa kilogalamu iliyonse ya kopa yokwezedwa pa roketi imalipilidwa ndalama zambili. Conco opanga masetilaiti anakweza mavoliti kufika pa 50, kenako pa 100 m'zaka za m'ma 1990. Mapanelo akuluakulu a ISS amagwila nchito pa mavoliti 160. Pocita zimenezi anacepetsa kulemela ndi mtengo, koma analowa m'dela limene sanali kulidziwa bwino.

Malipilo ake anaoneka mu 1997. Masetilaiti awili a wailesi ya kanema opangidwa ndi kampani ya Space Systems/Loral, ochedwa Tempo-2 ndi PAS-6, anataya mbali ya mphamvu ya mapanelo ao patangopita nthawi yocepa atatumizidwa. Ofufuza anayesa zidutswa za mapanelo ofanana m'zipinda zocotsedwa mpweya, ndipo zimene anaona zinasintha kapangidwe ka mapanelo kucokela nthawi imeneyo.

Masetilaiti amenewa anali pa mtunda wa makilomita 35,786, pamene setilaiti imazungulila pamodzi ndi dziko ndi kuoneka ngati yaima malo amodzi. Ndiko kumene madishi a pa nyumba amaloza. Kumeneko plasma ndi yocepa kwambili koma ndi yotentha. Dzuwa likavundula maginito a dziko lapansi, maelekitiloni amphamvu ya mavoliti masauzande ambili amakhuthukila m'delalo, makamaka pa masetilaiti amene ali kumbali ya dziko kumene nthawi ili pakati pa usiku ndi mbandakuca. M'zaka za m'ma 1970 setilaiti ya NASA yochedwa ATS-6 inapezeka itatsikila ku mavoliti 19,000 a negetivu ili mu mthunzi wa dziko lapansi.

Nambala imeneyo ndi yoopsa kuimva, koma payokha siipha setilaiti. Mbalame imatela pa nthambo ya magetsi amphamvu ndi kuulukanso ili bwinobwino, cifukwa thupi lake lonse lili pa mlingo umodzi. Ngozi imabwela pamene mbali ziwili zoyandikana zasiyana. Selo lililonse la panelo limakutidwa ndi kagalasi kopyapyala koliteteza. Galasi silinyamula magetsi, ndipo likaombedwa ndi dzuwa limataya maelekitiloni, motelo limatsalila kumbuyo pamene citsulo ca pansi pake cikutsikila ku negetivu. Kusiyanako kukafika mavoliti mazana angapo, pamalo pamene galasi, citsulo ndi plasma zakumana pamathetheka moto.

Kuthetheka koyambaku kumatha m'kanthawi kocepa kwambili, kosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kungasokoneze kompyuta ya setilaiti kapena kufooketsa selo limodzi, koma nthawi zambili kumathela pomwepo. Coopsa ndi cimene cingatsatile. Maselo a panelo amalumikizidwa m'mizele, ndipo mizele iwili ingayandikane mosiyana milimita imodzi cabe pamene mavoliti ao asiyana ndi 50 kapena 100. Kuthetheka kukacitika pampata umenewo, kamtambo ka plasma yotentha kamakhala ngati mlatho, ndipo magetsi a panelo lenilenilo amayamba kuolokela pamenepo. Zikatelo moto sudalilanso namondwe wa dzuwa. Umadzidyetsa wokha, monga moto wa makina owochelela zitsulo, umene ukangoyaka umapitiliza malinga ngati magetsi alipo.

Pansi pa maselo pamakhala pepala la pulasitiki yochedwa Kapton, lolekanitsa magetsi. Likapsa limasanduka makala, ndipo makala amanyamula magetsi. Apo ndiye kuti shoti yakhazikika mpaka kalekale. Palibe amene angazime dzuwa kuti moto uleke, ndipo pa mtunda wa makilomita 35,786 palibe amene angakwele ndi makwelelo kukasintha panelo.

Phunzilo la mu 1997 linapulumutsa setilaiti ina. Zidutswa za panelo la Terra, setilaiti ya NASA yoona za nthaka ndi nyengo, zitayesedwa mu plasma ya m'cipinda coyesela ku Cleveland, zinapsa mwa njila yomweyi. Panelo linakonzedwanso setilaitiyo isananyamuke mu December 1999, ndipo inagwila nchito kwa zaka zoposa 20.

Mphindi zocepa za Midori 2

Dziko la Japan silinacite mwayi wotele. Mu December 2002 linatumiza setilaiti yaikulu yochedwa ADEOS-II, kapena kuti Midori 2, kuti iziyeza nyanja, mitambo, mphepo ndi zomela pa dziko lonse. Inanyamulanso zipangizo za America ndi za France. Inali kuyenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 800 m'njila yodutsa kumapeto onse awili a dziko lapansi, kumene kuli kuwala kwa usiku kuja kochedwa aurora.

Pa 24 October 2003, pamene anamondwe aakulu a caka cimeneco anali kuyamba, magetsi ocokela ku panelo lake anatsika kucoka pa makilowati 6 kufika pa kilowati imodzi m'mphindi zocepa cabe. Posakhalitsa setilaitiyo inakhala cete, itagwila nchito miyezi 10 yokha. Bungwe la JAXA, limene linali litangokhazikitsidwa pa 1 October caka comweco, linalandila ngozi imeneyi lisanakwanitse ndi mwezi umodzi.

Ofufuza anapeza kuti cimene cikuoneka kuti cinacitika sicinali pa maselo a sola, koma pa mtolo wa nthambo zonyamula magetsi kucoka ku panelo kupita ku thupi la setilaiti. Mtolowo unakulungidwa m'bulangeti lonyezimila loteteza ku kutentha ndi kuzizila, ndipo bulangetilo silinalumikizidwe ku thupi la combo. Setilaiti itadutsa m'dela la aurora, maelekitiloni amphamvu anadzaza m'bulangetilo. Nthambo zinali zitafooka kale ndi kutentha, cikopa cao citang'ambika apa ndi apo. Kuthetheka kutayamba, moto unagwila nthambo imodzi, nulumphila ku inzake, mpaka mtolo wonse unapsa.

Zimenezi zinathetsa cikhulupililo cimene ambili anali naco, cakuti vuto la kudzala magetsi ndi la masetilaiti akutali okha. Njila zodutsa kumapeto a dziko ndizo zimene masetilaiti ojambula minda, nkhalango ndi madzi osefukila amayendamo, ndipo zithunzi zao ndizo zimathandiza poyeza kukula kwa cilala monga ca mu 2024. Cina cimene cinaonekela poyela ndi cakuti setilaiti ya ndalama zosaneneka ingathe kufa cifukwa ca kawaya kamodzi kamene palibe anaganiza kukaika.

Siteshoni imene inaopedwa kwambili

Nkhani ya ISS inayenda mosiyana, ndipo ndi yofunika cifukwa mmenemo muli anthu. Siteshoniyi ili ndi mapiko a sola akuluakulu 8, lililonse lotalika mamita oposa 30, okhala ndi maselo 262,400 onse pamodzi. Isanamangidwe, akatswili a NASA anawelengela kuti mapanelo a mavoliti 160 angathe kukankhila thupi lonse la siteshoni ku mavoliti pafupifupi 140 a negetivu. Khungu la siteshoniyi ndi la aluminiyamu yokutidwa ndi kansalu kopyapyala kothandiza kuti mkati musatenthe kwambili, ndipo kansaluko kangabooke ndi magetsi pa mlingo wotele. Panalinso nkhawa yaikulu kopambana: woyenda m'mlengalenga akatuluka panja, atavala covala cokhala ndi zitsulo ndipo thupi lake lili thukuta, iye mwini angathe kukhala njila ya magetsiwo.

Mankhwala ake anali kupanga waya wa earth pamalo popanda nthaka. Mu October 2000 combo ca Discovery cinafikitsa zipangizo ziwili zochedwa Plasma Contactor Unit. Cipangizo ciliconse cimatulutsa mpweya wa xenon wosandutsidwa plasma, ndipo kudzela m'kamtambo kameneko maelekitiloni oculukitsa amabwelela m'mlengalenga. Colinga cinali cakuti thupi la siteshoni lisasiyane ndi plasma yoizungulila kupyola mavoliti 40. Mapiko oyamba a sola anamangidwa mu December caka comweco, pamodzi ndi kacipangizo koyeza mlingo wa magetsi.

Zotsatila zake zinadabwitsa. Zipangizo za xenon zitazimidwa kuti ayese, siteshoni inatsikila ku mavoliti makumi awili ndi ocepa cabe, osati 140. Zinapezeka kuti magalasi okuta maselo, akadzala magetsi, amatsekeleza timipata tolowela maelekitiloni, komanso kuti siteshoniyo inali ndi zitsulo zosakutidwa zambili zokoka maayoni kuposa mmene anaganizila. Pambuyo pake NASA inayamba kuyatsa zipangizozo makamaka pa nthawi imene anthu atuluka panja kukagwila nchito.

Wina anganene kuti ndalama zinaonongedwa pa ngozi imene kunalibe. Maganizo amenewo ndi opepuka. Akatswili analakwitsa ndithu, koma analakwila kumbali yabwino, ndipo anadziwa kulakwitsa kwao cifukwa cakuti anayeza. Cipangizo cabwinopo coyezela, copangidwa ku Utah State University, citamangidwa pa siteshoni mu August 2006, cinaonetsa zinthu zimene masamu akale sanalosele. Nthawi zina, siteshoni ikangotuluka mu mthunzi wa dziko ndipo dzuwa laomba mapanelo ozizila, mlingo wa magetsi umatsika mwadzidzidzi kwa masekondi ocepa kupyola mmene umakhalila nthawi zonse. Popeza ISS imazungulila dziko pafupifupi ka 16 pa tsiku, mbandakuca wotele umabwela kawilikawili. Palinso cina: msana wa siteshoniyi, wotalika mamita 109, podula maginito a dziko pa liwilo lake umakhala ngati dainamo ya njinga, ndipo pakati pa nsonga zake ziwili pamabadwa mavoliti makumi angapo ngakhale mapanelo atapuma.

Si ngozi zonse zili za plasma

Apa pafunika kusamala. Setilaiti ikafa pa nthawi ya namondwe wa dzuwa, n'capafupi kuimba mlandu dzuwa, ndipo nthawi zina kutelo kumabisa kulakwitsa kwa opanga. Midori yoyamba, mkulu wake wa Midori 2, inafa mu June 1997 cifukwa panelo lake linang'ambika, osati cifukwa ca plasma. NigComSat-1 ya dziko la Nigeria, imene inatumizidwa mu May 2007, inaleka kugwila nchito mu November 2008 cifukwa ca vuto la mapanelo, koma zimene zinalengezedwa zinaloza ku makina otembenuza mapanelowo.

Cobvuta n'cakuti mtembo wa setilaiti subwela kuti uunikidwe. Ofufuza amadalila manambala omaliza amene inatumiza, ndi kuyesa kubweleza ngoziyo m'cipinda coyesela. Makampani naonso sakonda kuulula zofooka za katundu wao, cifukwa pali opikisana nao ndi a inshuwalansi amene akumvetsela. Ngakhale n'telo, kafukufuku wa bungwe la Aerospace Corporation wa mu 1999, amene anaunika mavuto pafupifupi 300 obwela cifukwa ca cilengedwe ca m'mlengalenga, anapeza kuti oposa theka anali a kuthetheka kwa magetsi odzala pa combo kapena mkati mwake.

Njila zodzitetezela n'zodziwika ndipo si zacilendo. Opanga amayala maselo mwa njila yakuti mizele yoyandikana isasiyane kwambili mavoliti, amamata timipata ndi mphila ya silicone, amaika madayodi oletsa magetsi a mzele wina kuthamangila pamene payaka moto, amapaka magalasi ena mankhwala onyamula magetsi, ndipo amalumikiza citsulo ciliconse ku thupi la combo. Zonsezi zimaonjezela kulemela, nthawi ndi mtengo, ndipo apa ndi pamene pali ciyeso. Mu 2011 bungwe loona za miyezo pa dziko lonse linavomeleza muyezo wa ISO 11221, wofotokoza mmene mapanelo ayenela kuyesedwela asanatumizidwe. Nchito yokonza muyezowo inatsogoleledwa ndi Pulofesa Mengu Cho wa pa Kyushu Institute of Technology ku Japan.

Sukulu yomweyi mu May 2012 inatumiza kasetilaiti ka ophunzila kochedwa Horyu-2, kamene kanapanga mavoliti oposa 300 m'mlengalenga pofuna kuyesa njila zoletsa kuthetheka. Ndiponso ndi kumeneko kumene mainjiniya a ku Zimbabwe ndi a ku Uganda anapangila ZIMSAT-1 ndi PearlAfricaSat-1, timasetilaiti toyamba ta maiko ao, timene tinanyamuka mu November 2022 ndi kuponyedwa m'njila yake kucokela pa ISS mwezi wotsatila. Timasetilaiti tocepa conco timayendela mavoliti ocepa ndipo vuto la moto pa mapanelo silitikhudza kwenikweni. Phindu lalikulu ndi lakuti kum'mwela kwa Africa tsopano kuli acinyamata amene anaphunzila pa malo amodzi mwa odziwa bwino nkhaniyi.

Zimene ogula ayenela kufunsa

Zambia, monga maiko ambili a mu Africa, imagula nchito za masetilaiti a eni ake. Siingasinthe kapangidwe ka panelo lililonse. Koma wogula ali ndi ufulu wofunsa. Boma, banki kapena kampani ya mafoni ikamasaina pangano lodalila setilaiti imodzi, ndi bwino kudziwa zimene zidzacitika setilaitiyo ikataya theka la magetsi ake, cifukwa zikatelo mwini wake amazima zoulutsila zina ndi kusankha makasitomala oti atsale. Dziko la Canada linaona zimenezi. Mu January 1994 masetilaiti ake awili, Anik E1 ndi Anik E2, anasokonezeka tsiku limodzi cifukwa ca magetsi odzala mkati mwao, ndipo midzi ya kumpoto kwa dzikolo inasowa mafoni ndi wailesi ya kanema. E2 inatenga miyezi isanu kuti ibwelele pa nchito. Dziko lililonse lofuna kugula setilaiti yakeyake liyenelanso kukhala ndi anthu ake odziwa kuwelenga zotsatila za mayeso, osati kungolandila mau a wogulitsa.

Macenjezo a nyengo ya m'mlengalenga tsopano amapezeka pafupi. Mu November 2022 bungwe la South African National Space Agency linatsegula ku Hermanus likulu loyang'anila dzuwa usana ndi usiku. Macenjezo otele amathandiza oyendetsa masetilaiti kuimitsa nchito zosafunikila ndi kukhala chelu, ngakhale kuti sangacilitse panelo lopangidwa molakwika.

Kufunika kwa magetsi kumwamba sikukubwelela m'mbuyo. Mu 2024 masetilaiti ogwila nchito anapyola 10,000. Ambili atsopano amayenda ndi mainjini a magetsi, amene amafuna mavoliti mazana angapo ndipo amatulutsa plasma yaoyao pafupi ndi mapanelo. ISS yokha inaonjezeledwa mapanelo atsopano 6 pakati pa 2021 ndi 2023, ndipo makampani amene akukonza masiteshoni odzailowa m'malo adzayenela kusankha okha mlingo wa mavoliti ndi ndalama zimene adzaika pa mayeso.

Kudutsa kwa cimake ca dzuwa ca mu 2024 sikutanthauza kuti ngozi yapita. Maelekitiloni amphamvu ozungulila dziko amaculuka kwambili m'zaka zimene ukali wa dzuwa ukutsika, pamene mphepo yothamanga yocokela ku dzuwa imaomba mobwelezabweleza. Anik E1 ndi E2 anasokonezeka patapita zaka zinai kucokela pa cimake ca mu 1989. Midori 2 inafa mu 2003, cimake ca mu 2000 ndi 2001 citadutsa kale. Tempo-2 inapsa mapanelo mu 1997, dzuwa litangocoka kumene pa nyengo yake ya bata.